Mawa Mugwa Nthawi Yanji?

Lachisanu lomaliza la mwezi umenewo, Khonsolo ya mzinda inalengeza, kudzera m'chikalata nambala 14 chodindidwa zidindo ziwiri ndi kukhomedwa pa bolodi ndi timisomali tinayi, kuti mavuto a anzathu aulumali pa nkhani ya kusambira atha. Chikalatacho chinafotokoza kuti pa dziwe losambiramo la Khonsolo paikidwa makina amakono otsitsira munthu m'madzi ndi kumuvuulamo, ndi kuti kuyambira tsopano palibe amene adzatsalire kumtunda chifukwa cha miyendo. Pansi pake panali malamulo khumi ndi awiri a zilembo zing'onozing'ono. Anthu anawerenga mutu wokha, n'kupitiriza ulendo.

Anzathu aulumali osambira pa dziwelo, munthu akawawerenga mosathamanga, ankakwana mmodzi. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zinayi amene mzinda wonse unkawatchula kuti Anazipi. Ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza maambulera ndi mzati. Zipi iliyonse yofa mumzindamo inkathera pa tebulo lawo: za zikwama za ana asukulu, za masutikesi, za mathalauza a mabwana amene mimba zinakula thalauza lisanadziwitsidwe. Ankayamba aipaka kandulo, kenako n'kufinya kamutu kake ndi pulayazi, ndipo ikachitabe makani ankaimasula yonse n'kusokerapo yatsopano.

Poliyo inawapeza ali ndi zaka zinayi. Inatenga miyendo yonse iwiri n'kusiya zina zonse, makamaka pakamwa. Makina awo osokera anali opukusa ndi dzanja, ndipo zaka zambiri za kupukusa zinawapatsa mkono wamanja wonga wa munthu woswa miyala, pamene wamanzere unali wa telala wamba. Kumtunda zimenezi sizinkavuta munthu. M'madzi zinali nkhani: mkono wamanja unkakoka kwambiri, moti akapanda kusamala ankakhotera kumanzere ngati ngolo yophwa tayala limodzi.

Madzi anawadziwa mwana wachiwiri atabadwa, pamene msana unayamba kuwawa moti kukhala pa makina kunali chilango. Mayi wina wa mafizo kuchipatala ndiye anawauza kuti akayese dziwe. Anapita monyinyirika. Tsiku loyamba anamwa madzi okwana ndowa. Tsiku lachitatu anazindikira kuti m'madzi mulibe sitepe, mulibe ngalande, mulibenso munthu wofunsa kuti "ndikuthandizeni, amayi?" kwinaku atagwira kale. Miyendo imene kumtunda inali katundu, mmenemo inkangotsatira pambuyo mwaulemu. Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sanajombe, kupatula Lamulungu ndi masiku a maliro.

Kalowedwe kawo kanali kodziwika. Sikisi koloko m'mawa ankafika pa njinga yawo ya matayala atatu yopalasa ndi manja, n'kuimika pa ngodya ya kumbali yosaya. Ankaponya thumba lakale pansi, kutsikirapo, kudzikankha chafutambuyo ndi manja mpaka m'mphepete, n'kutsetsereka. Potuluka ankagwira m'mphepetemo n'kudzikweza ngati munthu wotulukira pawindo. Simenti ya pangodyapo inali itasalala ndi zikhatho zawo.

Mboni ya zonsezi anali woyang'anira dziwe, mkulu wina wowonda amene ankatchedwa a Kolorini, chifukwa mankhwala othira m'madzi anali atawayeretsa nsidze ndi theka la ndevu. Iwo ndiwo ankavuula masamba ndi ukonde, kuimba wezulo ana akamathamanga, ndi kusunga buku la ngozi, limene m'zaka zonsezo munalembedwa mwana mmodzi wothyoka dzino ndi galu mmodzi. Wotchi analibe. Anazipi akawapempha kuti awayese nthawi, ankawerenga ndi pakamwa, ndipo akafika pa makumi anayi nthawi zambiri pankadutsa munthu wofunika moni.

Ndiye chifukwa chake kalata ya bungwe la osambira itafika, Anazipi anaiwerenga kanayi. Pa masewera a dziko lonse a anthu aulumali, chaka chimenecho padzakhala kusambira, koyamba. Bungwe lidzatumiza munthu wa wotchi kumzinda uliwonse kamodzi kokha. Wosambira mamita makumi asanu, amene pa dziwe lawolo anali kupita ndi kubwerera, pasanathe mphindi imodzi ndi masekondi makumi awiri adzalowa m'timu. Kwa iwo tsikulo linali Loweruka, patatsala milungu inayi. Masewera otsatira anali pambuyo pa zaka zinayi, ndipo phewa lawo lamanja linali litayamba kale kulira ngati chitseko. Anadziwa kuti ndi pano kapena basi.

Mwambo wotsegulira makinawo unachitika tsiku lomwe chikalata chinakhomedwa. Makinawo anali mzati woyera wa khosi lalitali lopindika, kumapeto kwake kukulendewera kampando ka pulasitiki. Asanamalize n'komwe pemphero lotsegulira, a Kolorini anali atawapatsa kale dzina: Kakowa, mbalame yoima m'mphepete mwa madzi tsiku lonse osanyowa. Akatswiri anamumangirira ndi mabawuti anayi pa ngodya ya kumbali yosaya, pa simenti yosalala ija, chifukwa anaona kuti ndi pamene panali posalala.

Anazipi anawakhazika kutsogolo kuti aoneke pa chithunzi. A Khansala analankhula mphindi makumi anayi za dziko limene salisiya munthu m'mbuyo, kenako anafuna kusonyeza chitsanzo. Anakhala pa kampando kaja atavala suti. Mnyamata wa ku ofesi amene anaphunzira za makinawo masiku asanu ku hotela anadina batani, Kakowa n'kuzungulira mwaulemu, n'kuwatsitsa mpaka zidendene za nsapato zitakhudza madzi. A Khansala anati, "Basi, basi, taona," n'kukwezedwa anthu akuomba m'manja. Kenako anamuveka Kakowa chophimba cha lona yobiriwira n'kukhoma loko pa zipi. Chophimbacho anasoka ndi Anazipi omwe sabata yapitayo, osafunsa kuti n'cha chiyani. Zipi yake inali yabwino kwambiri.

Lolemba m'mawa anapeza a Kolorini ataima pachipata, ukonde uli m'manja, maso ali pansi.

"Mwadzuka bwanji, akulu? Mwaima ngati mwabwera kudzanena za maliro."

"Ndadzuka, amayi. Koma m'madzi lero ayi."

"Mwathira mankhwala ambiri?"

"Lamulo nambala folo." Anatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kuliwerenga ndi mawu a kutchalitchi. "Pofuna kuteteza moyo, munthu aliyense waulumali azilowa m'madzi kudzera pa makina okha basi. Nambala faifi: makinawa aziyendetsedwa ndi munthu wa satifiketi."

"Chabwino, vundukulani mbalame yanuyo ndikwere."

"Kiyi ali ku ofesi ya masewera. Satifiketi ndilibe."

"A Kolorini, zaka zonsezi ndamirapo?"

"Simunamirepo. Koma kale munkalowa mopanda chitetezo, amayi. Tsopano mwatetezedwa." Anapinda pepala lija. "Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume pa ntchito. Musandiphe."

Ofesi ya masewera inali pamwamba, m'nyumba yosanja ya Khonsolo, masitepe makumi awiri ndi asanu ndi limodzi kuchokera pansi. Anazipi anaimika njinga kunsi kwa windo n'kuyamba kuliza belu. Analiza mpaka alonda anatuluka, amesenjala anatuluka, ndipo pomaliza windo linatseguka, n'kusuzumira Bwana wa Masewera, munthu wa nkhope yosalala ndi zolembera zitatu pamtima.

"Aa, ndi mayi athu! Kwerani tikambirane bwinobwino." Anayang'ana njinga ija. "Kapena ingolankhulirani pomwepo, kunja kuli kamphepo kabwino."

"Ndikufuna kiyi wa Kakowa, bwana!"

"Wa chiyani?"

"Wa makina anu aja!"

"Kiyi alipo, ali pabwino kwambiri. Vuto ndi woyendetsa. Mnyamata wathu wa satifiketi uja amusamutsira ku nthambi yoona za manda, anakwezedwa. Koma nkhaniyi tikuiunika."

"Ndiye ndiloleni ndizilowa monga kale!"

"Mayi, mukufuna anthu amve kuti Khonsolo inagula makina koma nzika yake ikukwawabe pa thumba? Tinakuchotsani kumeneko."

Anthu odikira kulipira msonkho wa mumsika anali atasonkhana, mitu ikuyenda m'mwamba ndi pansi ngati akuonerera mpira wa manja. Windo linatsekeka.

Lachitatu anapalasa njinga kukafika kumanda, mtunda wokwera wokhawokha. Wasatifiketi anamupeza m'kaofesi ka pachipata, satifiketi ili pakhoma m'galasi. Anawalandira bwino, anawapatsa madzi akumwa, n'kuwafotokozera kuti iye tsopano ndi wa nthambi ina. Kuti akadine batani lija pafunika kalata yochokera kwa bwana wa masewera kupita kwa bwana wa manda, kudzera kwa mlembi wamkulu.

"Ine ndikanakonda, mami," anatero. "Ntchito yake ndi yofanana. Kunonso timatsitsa anthu. Kungoti kuno sitivuula."

Milungu iwiri imene inatsatira, Anazipi sanali munthu wokhala naye pafupi. Ankadzuka nthawi yomweyo, kupalasa mpaka kudziwe, kuzungulira mpanda kawiri, kusuzumira madzi pa mawaya, n'kubwerera kukhonde thupi lili louma ngati chikuni. Msana unabwerera ndi ukali wa munthu amene anathamangitsidwa popanda chifukwa. Anathyola singano zisanu ndi imodzi. Anasokera zipi chadodolido pa thalauza la mphunzitsi wamkulu, mwini wake n'kudzazindikira ali kale pamzere wa m'mawa. Wokonza maambulera anasunthira tebulo lake kuseri kwa mzati. Lolemba lililonse ndi Lachinayi ankakaliza belu pansi pa windo lija, ndipo yankho linkatsika lomwelo, losinthidwa malaya okha: nkhaniyi ili m'manja mwa komiti, komiti yapempha lipoti, wolemba lipoti ali ku maphunziro.

Kunyumba ankagona chafufumimba pa benchi ya pabalaza n'kumapalasa mphepo, kwinaku akuwerenga. Amuna awo, ometa wa pafupi ndi siteji ya mabasi, munthu wofatsa amene madzi ankawakhulupirira akakhala m'kapu mokha, ankangonyamula mbale kuti zisaphedwe.

"Amayi, mwagunda wailesi."

"Isunthe."

"Bwanji ndikudzazireni bafa lija la malata? Mungomizamo mutu, mtima ukhale pansi."

"Abambo, mukufuna ndikumeteni ndi lumo lanu lomwe?"

"Ndangonena. Komanso kalendala ija mwaiboola ndi cholembera. Inali ya mlamu wanu."

Ankadziwa chimene chinali kuchitika m'thupi mwawo. Masana onse mkono wamanja unkapukusa makina, kunenepa, pamene wamanzere unkangogwira nsalu. Zimene anaphunzitsa mikono iwiriyi m'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuti izimverana, zinkasungunuka tsiku ndi tsiku. Anayesa kupukusa ndi dzanja lamanzere atapingasa manja, msoko n'kuyenda ngati njoka.

Lachitatu la sabata yachitatu, patatsala masiku khumi, anapempha a Kolorini kuti angolowa mkati mwa mpanda. Lamulo silinkaletsa kuyang'ana. Anatsikira pa thumba lawo, osati pangodya paja, poti panali Kakowa atavala lona, koma chapakati, n'kukhala m'mphepete zovala zili m'thupi. Madzi anali phee, mzere wakuda wa pansi ukuoneka kuyambira uku mpaka uko. Anawerama kuti angoviika dzanja. Anaweramanso kuti lifike m'chigongono. Za zimene zinachitika kenako, Anazipi amalumbira mpaka lero kuti thumba ndilo linaterereka.

Khuvu!

A Kolorini anataya ukonde n'kuthamanga. Atafika anapeza wogwayo ali kale pakati pa dziwe, diresi ikuyandama pambuyo, akupalasa molunjika kumbali yakuya. Anaima. Anakanda nsidze yoyera ija. Kenako anapita m'kachipinda kawo, n'kubwera ndi pepala la malamulo ndi buku la ngozi, n'kukhala pa mpando.

Anazipi anapita, kubwera, kupita, kubwera. Ulendo woyamba anakathera pakhoma lakumanzere, wachiwirinso chimodzimodzi. Atatopa anagwira m'mphepete, akupuma ngati mvukuto, n'kudikira kukalipiridwa.

"Nambala naini," anatero a Kolorini osakweza mutu. "Munthu akagwera m'madzi mwangozi, woyang'anira asamukoke mwaphuma ngati akuoneka kuti akutha kusambira. Amusiye afike yekha potulukira, ndipo alembe ngoziyo m'buku." Ananyambita chala n'kutsegula tsamba la pambuyo pa galu uja. "Silikunena kuti afike nthawi yanji."

"A Kolorini."

"Ine anandiletsa kukulolani kulowa, amayi. Kugwa si ine ndimaloleza. Kugwa n'kwa Mulungu." Analemba tsiku, nthawi, ndi mawu akuti wagwa, sanavulale. Kenako anatseka buku. "Mawa mugwa nthawi yanji?"

"Sikisi koloko."

"Mubwere ndi zovala zogwera. Diresiyo ikuchedwetsani."

Anagwa Lachinayi, anagwa Lachisanu ndi Loweruka, Lamulungu anapuma, Lolemba n'kuyambiranso kugwa. Luso lija silinabwerere lonse. Ulendo wopita ankalunjika bwino, koma pobwerera, mpweya ukayamba kuchepa, mkono wamanja unkalanda ulamuliro n'kuwatengera ku chingwe cholekanitsa njira za osambira. A Kolorini ankawerenga ndi pakamwa, tsopano osayankha moni wa munthu, ndipo ankapeza masekondi makumi asanu ndi atatu mphambu ziwiri, tsiku lina mphambu zinayi, tsiku lina makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, koma tsiku limenelo anavomera okha kuti anatsokomola pakati.

Loweruka lija linafika. Munthu wa bungwe anali mayi wamfupi wosaseka, wotchi ili m'khosi, chikwama cha mapepala m'khwapa. Anali ndi mizinda ina iwiri yoti afikeko tsiku lomwelo, ndipo basi yake inkanyamuka naini koloko. Amuna a Anazipi anatseka shopu n'kubwera, n'kuima kutali ndi madzi atagwira mpanda. Chimene palibe amene anachiyembekezera chinali galimoto la Khonsolo. Bwana wa Masewera anamva kuti kukubwera mlendo wochokera ku likulu la bungwe, ndipo mlendo salandiridwa ndi woyang'anira dziwe. Anatsika atanyamula envulopu.

"Mayi athu, tinalonjeza," anatero, n'kutulutsa kiyi kuti onse amuone.

Wasatifiketi sanabwere. Kalata inali itafika ndithu kwa bwana wa manda, koma m'mawa umenewo kunali maliro awiri. Bwana wa Masewera ananena kuti poti iye ndiye anasaina kalata yotumiza mnyamatayo ku maphunziro, tinganene kuti satifiketiyo inadutsa m'manja mwake. Anatsegula loko. Zipi inatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi osakodwa ngakhale pamodzi, ndipo Anazipi, ngakhale mtima unali m'malere, anamva kukoma. Bwana anadina batani. Zii. Anadinanso ndi chala chachikulu. Anadina ndi zala ziwiri. Kakowa anangoyang'ana madzi.

"Batire," anatero a Kolorini. "Chiyambire tsiku la a Khansala."

"Chotchajira chili kuti?"

"Kwa osunga katundu, bwana. Loweruka sagwira ntchito."

Mayi wa wotchi anayang'ana nthawi. "Ndili ndi mphindi khumi ndi zisanu. Wosambira alowe m'madzi, apo ayi ndilemba kuti mzinda uno mulibe."

"Zimenezo ndiye zovuta," anatero Bwana, akupukuta thukuta. "Malamulo athu ndi omveka. Popanda makina sangalowe. Mwina mungabwerenso mwezi wamawa, tidzakhala titaunika."

"Sindibwera kawiri."

Anazipi anali atatsikira kale pa thumba, kuti aonetsetse makinawo pafupi. Anadzikankhira m'mphepete. Anavula juzi n'kuipinda bwinobwino. Anavala kapu ya labala, kukankhiramo tsitsi, n'kuvala magalasi osambirira, monga achitira munthu aliyense amene watsala pang'ono kugwa mwangozi. Atacheuka anaona a Kolorini atatsegula kale buku, cholembera chili chire.

Khuvu!

"Mayo! Wagwa! Mupulumutseni!" Bwana anathamangira uku ndi uku, zolembera zikugwa. "Iwe, ponya chingwe!"

"Nambala naini, bwana," anatero a Kolorini, n'kuwapatsira pepala. "Munasaina ndinu."

Mayi wa wotchi sanafunse kanthu. Anthu a gulu la Anazipi amaloledwa kuyambira m'madzi atagwira khoma, ndipo munthu uyu anali m'madzi atagwira khoma. Momwe anafikiramo sizinali pa fomu yake. Anakweza wezulo.

Ulendo wopita unali wosavuta. Mzere wakuda unali pansi pa mphuno yawo ndendende, madzi akutseguka okha. Anagunda khoma, kudzitembenuza ndi manja, n'kudzikankha ndi chikhatho poti miyendo inalibe chonena. Pakati pa ulendo wobwerera chifuwa chinayamba kuyaka, ndipo anaona mzere uja ukuwathawa pang'onopang'ono kulowera kumanja. Phewa lamanzere linakhudza chingwe. Thupi lonse linkati koka, koka ndi mkono umene uli ndi mphamvu. Potembenuza mutu kuti apume anaona chinthu chimene sanachionepo chikwatiwire: amuna awo ali m'mphepete penipeni mwa madzi, nsapato zitanyowa, akuthamanga cham'mbali ngati nkhanu, akukuwa ndi manja onse awiri, "Kumanja, amayi! Kumanja!"

Anachita chinthu chovuta kuposa zonse. Anaugwira mtima mkono wamanja, kuuuza kuti upalase ngati wa telala wamba, n'kusiya wamanzere ugwire ntchito. Mzere unabwerera. Sanapumenso mpaka zala zinagunda simenti.

Mayi wa wotchi analemba kaye, kenako n'kunena. Mphindi imodzi, masekondi khumi ndi asanu ndi atatu, ndi kachidutswa. Anadinda fomu, anapatsa Anazipi pepala lachikasu ali m'madzi momwemo, n'kufunsa njira yachidule ya ku siteji.

"Ndiye ine ndinkawerenga bwino," anatero a Kolorini. "Vuto linali chifuwa."

Bwana wa Masewera anali atapeza kale mawu. Anagwira mlendo dzanja n'kumuuza kuti izi ndi zipatso za ndondomeko ya Khonsolo, kenako anapempha kuti wopambanayo ajambulidwe pafupi ndi makina. Anazipi anadzikweza okha ngati munthu wotulukira pawindo, n'kujambulitsa, madzi akudontha. Amuna awo anakhala pansi pa simenti yonyowa.

Patapita miyezi iwiri, lipoti la Khonsolo linatuluka. Pa tsamba lachiwiri panali chithunzi chija, ndi mawu akuti makina atsopano abala kale katswiri amene akaimire mzinda ku masewera a dziko lonse. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi komiti inadandaula kuti ngozi za kugwera m'madzi zakwera modetsa nkhawa, kufika makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu, zonse za munthu mmodzi, pafupifupi zonse za sikisi koloko m'mawa. Komitiyo inagwirizana kuti chaka chamawa idzamanga kampanda ka zitsulo kuzungulira madzi, kuti anzathu aulumali asamagwe.

Amuna awo ndiwo anabwera nalo lipotilo kukhonde, nkhope ili yakugwa. Anawawerengera ndime imeneyo kawiri. Anazipi anali kupaka kandulo pa zipi ya sutikesi yawoyawo, yoyamba kugula chibadwire, imene inafa isanapite n'komwe ulendo.

"Amanga kapena alonjeza?"

"Alonjeza."

"Ndiye mukudera nkhawa chiyani, abambo? Ndipatsireni pulayazi."

Chotchajira chinapezeka, koma kiyi anabwerera ku ofesi, ndipo Wasatifiketi anakwezedwanso, tsopano amayang'anira manda onse atatu. Kakowa akadali pangodya paja m'lona yake yobiriwira. Mpaka lero munthu amene anakwerapo ndi mmodzi, a Khansala, ndipo anafika pa mwambowo akuyenda ndi miyendo yawo iwiri.